Kodi ndi Mzimu kapena ndi luso la abusa? Yankho kwa amai a ku Kapata

Funso lafika kuchokera kwa amai ena a ku Kapata kuno ku Chipata, ndalidula pang'ono chifukwa linali lalitali. Akuti: "Aphunzitsi, ine ndimapemphera mpingo wa pente. Abusa athu akayamba kulalikira ndimangopezeka ndikulira, thupi lonse tsemwe, akaitana anthu kutsogolo ine ndafika kale. Mwezi watha pa ovanaiti ndinapereka ndalama imene tinasunga ya feteleza chifukwa anati amene abzale mbewu usiku uno chaka chino sagona ndi njala. Mlongo wanga amene anaphunzira ku Lusaka akuti zonsezo ndi matiriki a kakambidwe chabe, Mzimu palibe. Manje ndasokonezeka, ndikhulupirire ziti?"

Amai, zikomo pofunsa mosabisa mawu, funso ili ambiri ali nalo mumtima koma amaopa kulitulutsa kuti angaoneke ngati akulimbana ndi Mulungu. Ine nchito yanga ndi kuphunzitsa kalalikidwe kwa akulu a mpingo, alaliki ndi anyamata amene akufuna ubusa, ndiye zambiri zimene alongo anu akuti matiriki ndimaziphunzitsa ndine m'kalasi, poyera, pa bolodi. Pamenepo akamba zoona, luso lilipo ndipo limaphunziridwa. Pamene aphonya ndi poganiza kuti pakakhala luso ndiye kuti Mzimu wachoka. Koma nanunso amai, misozi yanu si umboni woti zimene zinakambidwa usiku uja zinali zoona, chifukwa misozi imatuluka munthu akamva choonadi, imatulukanso akamva bodza lokambidwa bwino, maso sasankha.

Tsegulani 2 Samueli 12 muone mlaliki mmodzi wa luso kwambiri m'Baibulo monse. Davide watenga mkazi wa Uriya, wamuphetsa Uriya kunkhondo, ndipo iye ndi mfumu, angamuuze ndani? Natani sanalowe ndi kukuwa kuti wachigololo iwe. Anayamba ndi nthano, anthu awiri mumzinda umodzi, wina wolemera wa nkhosa ndi ng'ombe zambirimbiri, wina wosauka ali ndi kamwana ka nkhosa kamodzi kokha, kankadyako chakudya chake, kumwera chikho chake, kugona pachifuwa pake ngati mwana wake wamkazi. Kwa wolemera kuja kwabwera mlendo, iye kuumira zake nkukatenga kamwana ka nkhosa ka mmphawi uja kuphera mlendoyo. Davide mtima kupsa, nkugamula yekha kuti munthu ameneyo ayenera kufa, abweze kanayi. Apo mpamene Natani anati munthuyo ndinu.

Onani mmene anaiyalira nkhaniyo. Anasankha nkhosa chifukwa Davide anakulira kubusa, amadziwa kununkha kwa kamwana ka nkhosa, ndiye nthanoyo inalowera khomo limene linali lotseguka kale. Sanatchule nkhani ya Batiseba, mkazi wa Uriya uja, olo kamodzi mpaka mfumu itadziweruza yokha ndi pakamwa pake. Ndipo mawu oti "ndinu" anawasunga mpaka kumapeto penipeni, akanayamba nawo bwenzi atathamangitsidwa asanamalize. Limeneli ndi luso lenileni, lokonzedwa, ndipo vesi loyamba la chaputalacho likunena kuti amene anamtuma Natani ndi Yehova. Alongo anu awerenge pamenepo.

Nkhaniyi inakambidwa kalekale ndi anthu a mpingo. Augustine, bishopu wa ku Hippo kumene lero kuli Algeria, asanatembenuke mtima anali mphunzitsi wa luso la kulankhula ku Carthage, Rome ndi Milan, ndiye ankazidziwa njira zonse zokopera anthu. Atakhala mbusa sanazitaye. Anafunsa kuti bwanji okamba zabodza azikamba mokoma anthu nkumawamvera, pamene oteteza choonadi akukamba mogonetsa tulo? Iye anati mlaliki ali ndi nchito zitatu, kuphunzitsa, kukondweretsa omvera kuti asathawe, ndi kuwasuntha kuti achitepo kanthu, koma phata lake ndi kuphunzitsa. Zaka mazana ambiri iye asanabadwe Aristotle ku Greece anali ataona kale kuti munthu amakopeka ndi zinthu zitatu, khalidwe la wokambayo, mmene mtima wa womvera wakhudzidwira, ndi mfundo zenizenizo. Mukamva ulaliki uliwonse zitatuzi zimakhalamo, funso ndi loti chalemera ndi chiti ndipo chasowa ndi chiti.

Manje tiyeni tiuvundukule ulaliki wa ovanaiti, poti ngakhale sindinalipo usiku umenewo kayendedwe kake ndimakadziwa, kamafanana kuyambira ku Mchini mpaka ku Petauke. Mlaliki wodziwa sayambira pamwamba. Amayamba ndi mawu otsika, moni, kanthabwala pang'ono ka minibasi kapena ka apongozi, anthu aseka, mapewa atsika. Munthu amene waseka nawe wavomera kale pang'ono kuyenda nawe. Kenako awerenga vesi, ndipo ayamba kukupemphani tinthu tating'onoting'ono, nenani ameni, uzani mnzanu kuti lero ndi lero, kwezani dzanja ngati muli ndi ine. Izi si zachilendo kwa ife, tinakula nazo, agogo akati panangokhala ife timati tili tonse, ndipo nthano imene anthu sakuyankha imafera panjira. Ulaliki wathu unatengera pamenepo ndipo ine ndimazikonda, mpingo woyankha ndi wamoyo. Chofunika kudziwa nchakuti pofika ola lachiwiri mwanena kale ameni kambirimbiri, pakamwa pazolowera kuvomera, ndiye chikabwera chinthu chachikulu chofunika kuchiganizira bwino, ameni amatuluka yekha mutu usanafike.

Kenako kubwereza. "Anakusekani kunchito, koma Mulungu! Anakusekani kwa achibale a amuna anu, koma Mulungu! Anakusekani pamjigo, koma Mulungu!" Mzere uliwonse mawu akukwera pang'ono, mpweya ukufupika, ndipo pofika kachitatu mpingo wonse ukumalizitsa wokha. Masalimo amachita chimodzimodzi, Salimo 136 ikubwereza za chifundo chake chosatha m'mavesi onse 26. Ngati pali womasulira, abusa akukamba Chizungu iye akutembenuza m'Chinyanja, ndiye kumakhala ngati ng'oma ziwiri zoyankhana, ziganizo zimafupika, kakang'ono ka Chizungu kakang'ono ka Chinyanja, ndipo womasulira wabwino amathira tsabola wake, abusa angoti anagwa iye ati anangoti khuu pansi! Tamvetserani tsiku lina, nthawi zambiri amene akukuliritsani ndi womasulirayo. Ernst Wendland, amene waphunzitsa zaka zambiri ku seminale ya Lutheran ku Lusaka, anafufuza maulaliki a chitsitsimutso a Shadrack Wame wa ku Malawi nkutulutsa buku mu 2000, ndipo zimene zimaonekera mu ulaliki wa Chichewa wotere ndi zomwezi zathu za pabwalo, mafunso osafuna yankho, miyambi, tinkhani ta kumudzi, ndi kusewera mawu a anthu awiri ngati sewero. Pamaliro mlaliki akangoti chaona mnzako chapita, anthu onse amalizitsa okha kuti mawa chili pa iwe, ndipo mwambi umalowa popanda wotsutsa chifukwa si wa abusa, ndi wa makolo.

Koma chida chimene ine ndimachiona champhamvu kuposa zonse anthu sachizindikira nkomwe. Mvetserani mmene mlaliki amasinthira munthu amene akumukamba. Poyamba ndi "iwo", Aisraeli m'chipululu, anthu akutali. Pang'onopang'ono zasanduka "ife", ife anthu a ku Eastern timavutika, ife alimi. Kenako "inu". Ndipo pamapeto, mawu atatsika mpaka kunong'ona pa maiki, ndi "iwe", iwe mayi amene unagona osadya dzulo kuti ana adye. Tangoganizani, munthu wamkulu ngati inu palibe amene amakuitanani iwe kupatula amai anu okubalani kapena mnzanu wa paubwana, ndiye liwu limenelo likatuluka pa sipika limadutsa ulemu wonse nkukafika pamene pali mwana mkati mwanu. Ndi njira ya Natani yomwe ija. Pa nthawi yomweyo mnyamata wa pa kiyibodi wayamba kale kuliza pansipansi, simunamuone pamene anakwera, ndi cha m'ma 3 koloko m'bandakucha, simunagone, mwina mukusala kudya, mwaimba maola atatu. Amai, thupi lililonse lingachite tsemwe pamenepo, olo la alongo anu.

Kuitanira anthu kutsogolo nakonso kuli ndi mbiri yake, sikunayambe ndi atumwi mmene timakuchitira lero. Amene anakutchukitsa ndi Charles Finney ku America m'zaka za m'ma 1830, ankaika benchi kutsogolo kuti amene mtima ukuwavuta akhalepo, ndipo abusa anzake ambiri anamutsutsa kuti akukakamiza anthu. Billy Graham anadzakufalitsa dziko lonse m'misonkhano yake ya m'masitediyamu, kwaya ikuimba motsitsa iye akudikira. Kuno kwathu amishoni a Dutch Reformed ochokera ku South Africa amene anafika ku Magwero mu 1899, kumene kunachokera Reformed Church in Zambia, njira yawo inali ina, munthu ankalowa kalasi nthawi yaitali, kuphunzira katekisimu, kuyesedwa, kenako ubatizo. Kuyambira zaka za m'ma 1990, nthawi imene a Pulezidenti Chiluba analengeza pa 29 December 1991 kuti Zambia ndi dziko la Chikhristu, maminisitiri achuluka kwambiri ndipo kalalikidwe ka pa TV ka ku America ndi ku Nigeria kalowa mpaka m'makalasi a sukulu amene timabwereka pa Sande. Ndiye mu Chipata muno muli njira ziwiri zonsezi, ina imadalira nthawi ina imadalira mphindi imodzi ya chisankho. Ine sindinyoza kuitanira kutsogolo, ndikudziwa anthu amene anasiya kachasu usiku umodzi wotero ndipo mpaka lero ali chiimire. Pa Pentekoste penipeni anthu analaswa mtima nkufunsa kuti tichite chiyani, koma muwerenge Machitidwe 2 muone kutalika kwa zimene Petro anayamba wafotokoza, Yoweli, Masalimo, imfa ndi kuuka kwa Yesu. Kulaswa mtima kunabwera pambuyo pa chiphunzitso.

Apa ndiye pamene pagona yankho lanu. Luso lili ngati nsinjiro, zimakometsa ndiwo ndipo palibe amene amadana nazo, koma mumphika muyenera kukhala masamba. Ndiye funso loyenera si loti kodi abusa anagwiritsa nchito luso, anagwiritsa ndithu, koma loti mukachotsa kiyibodi, kukuwa ndi kunong'ona, chatsala nchiyani, ndipo chotsalacho chikuchokeradi m'vesi limene anawerenga?

Tengani mavesi amene amamveka kwambiri pa maovanaiti. Yeremiya 29:11, yakuti Mulungu ali ndi malingaliro abwino pa inu, ndi lokoma zedi, koma vesi 10 likuti anthu amenewo akhala ku Babulo zaka 70 asanabwerere kwawo, ndipo m'chaputala 28 mneneri Hananiya amene analonjeza kuti zonse zitheka zisanathe zaka ziwiri ndi amene Yeremiya anamutsutsa kuti akukhulupiritsa anthu bodza. Ndiye munthu akatenga vesi 11 nkulisandutsa lonjezo la mwezi uno, waima mbali ya Hananiya akugwiritsa nchito mawu a Yeremiya. Afilipi 4:13, ndikhoza zonse mwa Iye wondipatsa mphamvu, Paulo analemba ali m'ndende, ndipo mzere wapamwamba pake akukamba za kudziwa kukhuta ndi kudziwa kumva njala. Luka 6:38, patsani ndipo mudzapatsidwa, ili pakati pa mawu a kusaweruza ndi kukhululukira. Ndipo chaputala chimene alaliki a mbewu amachikonda, 2 Akorinto 9, pamene pali zoti wofesa mowolowa manja adzakolola zambiri, vesi lotsatira lomwelo, la 7, likuti aliyense apereke monga anatsimikiza mumtima, osati mwachisoni kapena mokakamizidwa. Chopereka chimenecho sichinali cha Paulo, chinali chopita kwa Akhristu osauka a ku Yerusalemu, ndipo anawauziratu kale kuti akonzekere, pa 1 Akorinto 16 anati aziika padera tsiku loyamba la sabata iliyonse monga mmene apezera, kuti iye akafika pasakhale zosonkhetsa. Mwaona? Paulo ankachita kupewa dala kuti anthu asapereke ali pamoto.

Nchifukwa chake mawu amene andipweteka m'kalata yanu ndi akuti "usiku uno". Kufulumizitsa ndi chida chakale cha ogulitsa, pa Saturday Market mumachimva tsiku lililonse, amai tengani yatsala imodzi. Pa nkhani ya kulapa ndingamvetse, Baibulo lenilenilo limati lero mukamva mawu ake musaumitse mitima. Koma pa nkhani ya ndalama ya banja, amene akukuuzani kuti khomo litsekeka kukacha akufuna kuti musakafunse amuna anu, musawerengere, musagone nayo nkhaniyo. Choonadi sichiopa kuti mukagone kaye. Ndipo lonjezo lakuti wopereka sagona ndi njala chaka chino, ine ndikunena mosazungulira, mulibe m'Malemba mwa njira imeneyo, ndipo kuuza mlimi kuti apereke ndalama ya feteleza mvula ili pafupi ndi kulakwa, kaya anakamba mokoma bwanji.

Palinso kachida kena kamene muyenera kukadziwa, kaja kakuti "pali wina pano". Pali mayi wina pano msana umamuwawa, pali wina achibale amamuchitira nsanje, pali wina ngongole yamupanikiza. M'chipinda cha anthu mazana awiri a ku Kapata ndi Nabvutika, ndani alibe chimodzi mwa zimenezi? Aliyense amamva ngati wawonedwa yekha. Sindikuti Mulungu sangaululire mtumiki wake kanthu, koma mawu amene akukwana aliyense musawatenge ngati chizindikiro chakuti zonse zotsatira ndi zochokera kumwamba. Maumboni nawonso amasankhidwa, amene amapatsidwa maiki ndi amene anabzala mbewu nkupeza nchito, amene anabzala nkukolola matumba atatu okha amakhala phee kumbuyo, mwinanso akudziimba mlandu kuti chikhulupiriro chawo ndi chochepa. Zimenezo zimandiwawa kwambiri chifukwa anthu otero ndimakumana nawo, ena mpaka anasiya kupemphera. Ndipo mukaona kuti kufunsa funso kukuyankhidwa ndi "musakhudze wodzozedwa", dziwani kuti Salimo 105:15 imeneyo ikukamba za Mulungu kuchenjeza mafumu kuti asavutitse Abrahamu ndi ana ake pamene anali alendo ochepa m'dziko, sikuletsa nkhosa kufunsa mbusa wake. A ku Bereya pa Machitidwe 17:11 anayamikiridwa chifukwa ankafufuza m'Malemba tsiku ndi tsiku ngati zimene Paulo mwiniwakeyo akukamba zinali zoona.

Sindikuwaweruza abusa anu, sindiwadziwa. Ambiri amene amachita zimenezi si akuba ayi, anaphunzira kulalikira poonera ena pa TV ndi pa Facebook, sanakhalepo m'kalasi ngati za ku Justo Mwale kapena sukulu ina ya Baibulo, ndipo amaganiza moona mtima kuti anthu akagwa ndi kulira ndiye kuti Mulungu wagwira nchito, kukakhala bata ndiye kuti alephera. Nawonso lendi ya holo ikuwadikira. Koma kuona mtima kwa mlaliki sikusandutsa vesi lopotozedwa kukhala lowongoka. Paulo amene ku Atene anatchula ngakhale alakatuli a Agiriki kuti awafike pamtima, ndi yemweyo anauza Akorinto kuti sanafune chikhulupiriro chawo chitsamire pa nzeru za anthu. Luso ankalidziwa, koma sankalola kuti likhale maziko.

Chochita ndi ichi amai. Sande ikubwerayi jambulani ulaliki pa foni, ambiri amalola ndipo ena amauika okha pa WhatsApp. Musaumvere tsiku lomwelo. Dikirani Lachiwiri masana, mutadya, mukusankha nyemba pakhonde, mumvere muli ndi Baibulo pambali. Vesi lililonse limene atchule imitsani foni, muwerenge mavesi asanu kumbuyo ndi asanu kutsogolo. Mukamaliza yesani kuuza mwana wanu m'mawu ochepa kuti abusa anaphunzitsa chiyani za Mulungu, osati mmene munamvera m'thupi koma chimene anaphunzitsa. Mukapeza kuti chilipo ndipo chikugwirizana ndi chaputalacho, lirani ndithu Sande yotsatira popanda manyazi, misozi yotero ndi yabwino ndipo alongo anu asakulandeni. Mukapeza kuti Lachiwiri palibe chotsala koma phokoso ndi envelopu, ndiye mwadziwa, ndipo muyesenso masabata angapo musanagamule chifukwa mlaliki aliyense ali ndi tsiku lake loipa.

Za ndalama ija, musadzitemberere, munapereka ndi mtima wofuna Mulungu ndipo Iye amaona zimenezo. Koma ngati amuna anu simunawauze auzeni msanga, nthawi yobzala isanakupezeni muli chete. Kenako mutenge mkulu wa mpingo mmodzi kapena amai a chigwirizano amene mumawakhulupirira mupite kwa abusa masana, mwaulemu, mukafotokoze kuti ndalama ija inali ya feteleza ndipo munda uli pangozi. Mbusa weniweni amva chisoni ndipo afuna njira yokuthandizani, mwina kubweza mwina kukusonkherani, ndipo mmene akayankhire mudzaphunzirapo zambiri za iwo kuposa maulaliki khumi. Kuyambira lero pa ovanaiti muzinyamula chopereka chimene mwagwirizana kunyumba dzuwa likadali, china chonse chizitsala, ndi ya mu foni yomwe musaikhudze usiku. Alongo anu aja muwaitane Lachiwiri limenelo mudzamvere limodzi, iwo azikuonetsani pamene pali luso, inu muziwaonetsa pamene pali vesi.